Tinyama towala ta ku Japan sitingaitane usipa ku Makawa

Funso la sabata ino lachokera kwa bambo wina wa ku Makawa, mwini chilimira. Akuti mwana wawo amene ali ku Joni anawatumizira kanema pa WhatsApp woonetsa asodzi a ku Japan akuvuula ukonde usiku, muukondemo mutadzaza tinthu tating'ono tothwanima kuwala kwa buluu. Iwo akufunsa kuti: "Kodi imeneyi ndi nsomba yanji? Kuwalako n'koona kapena ndi zopanga za pa foni? Nanga poti kapenta anamutenga ku Tanganyika n'kukamuthira ku Kariba, bwanji aboma osatibweretsera timeneti m'nyanja muno kuti tizitiitanira usipa, ife tipumeko kugula mabatire a nyali?"

Bambo, kuwalako n'koona, kanthuko si nsomba, ndipo m'madzi a ku Makawa sikangathe ngakhale tsiku limodzi kali moyo. Koma pali china chimene simunafunse, chomwe kwa ine ndiye pagona nkhani. Ngakhale kakanapirira madzi athu, usipa sikakanakuitanirani. Inu nyali mumayatsa kuti nsomba ziione. Kanyamaka nyali zake zambiri kamayatsa kuti kasaonedwe.

Malinga ndi mmene mwamufotokozera kanemayo, chimene munaonacho ndi sikwidi wamng'ono amene anthu a ku Japan amamutcha hotaru-ika, ndipo m'mabuku a sayansi amalembedwa Watasenia scintillans. Thunthu lake, kupatula mutu ndi mikono, limathera pa masentimita 6 kapena 7. Mwana wanuyo mukamufunsa za calamari amene amagulitsa m'malo odyera ku Joni ndi ku Cape Town, ameneyo ndi mbale wake wokulirapo. Sikwidi alibe fupa la msana, alibe minga, alibe mamba. Ali ndi mikono 8 yozungulira kamwa, ndi ina 2 yaitali yotolera chakudya, ndipo pakati pa mikonoyo pabisala mlomo wolimba wokhota. Mitima ali nayo itatu, iwiri yokankhira magazi ku ziwalo zopumira, umodzi wotumiza magazi m'thupi lonse. Magaziwo si ofiira. Ndi abuluu, chifukwa chimene chimanyamula okosijeni m'magazi ake chili ndi kopa, pamene athu ndi a chambo ali ndi ayironi. Akafuna kuthawa amadzaza madzi m'thunthu n'kuwafinyira kunja kudzera pa kapaipi kali pansi pa mutu, iye n'kuuluka chafutambuyo.

Abale ake m'nyanja muno ndi nkhono, osati usipa kapena utaka. Zonse zili m'gulu lalikulu la Mollusca: nkhono za m'munda, nkhono zofalitsa likodzo, ndi zija zigoba zake ana amatola pamchenga. Makolo akalekale a sikwidi nawo anali ndi chigoba, koma lero chatsala ndi kachinthu kopyapyala, koonekera kuseri, kobisika m'kati mwa thunthu. M'gulu la Mollusca muli nthambi ya Cephalopoda, momwe muli sikwidi, okutopasi ndi anzawo, mitundu yodziwika pafupifupi 800. Masikwidi enieniwo akatswiri amawagawa pawiri poyang'ana diso. A Myopsida diso lawo n'lokutidwa ndi kakhungu koonekera, ndipo amakhala m'madzi osaya a kufupi ndi gombe. Calamari wa ku South Africa, amene asodzi a ku Eastern Cape amamutcha chokka, ali mmenemo. A Oegopsida diso lawo lilibe chokuta, madzi amalikhudza, ndipo amenewa ndi a pakati pa nyanja ndi pakuya. Owala ambiri ali mbali imeneyi.

Kanyama ka m'kanema wanu kali m'banja la Enoploteuthidae, la mitundu ngati 40 yogawidwa m'mafuko anayi: Abralia, Abraliopsis, Enoploteuthis ndi Watasenia. Onse ndi ang'onoang'ono, onse ali ndi timbedza pa mikono, onse amawala kumimba. Fuko la Watasenia lili ndi mtundu umodzi wokha. Anaulemba koyamba ndi S. Stillman Berry wa ku America mu 1911, ndipo iye anauika pamodzi ndi Abraliopsis. Mu 1914 Ishikawa anaupatula n'kuupatsa fuko lakelake, polemekeza Shozaburo Watase amene anafufuza za kuwala kwake mu 1905. Kusamutsasamutsa kotereku musadabwe nako. Banja la Pyroteuthidae, lomwenso ndi la timasikwidi towala, kale linkawerengedwa m'kati mwa Enoploteuthidae momwemu, ndipo chambo chathu chomwechi m'mabuku kale chinkalembedwa Tilapia, kenako Sarotherodon, lero ndi Oreochromis.

Tsono nyali zake. Mutamugoneka chagada pambale n'kumuyang'anitsitsa, mungaone kuti kumimba konse, pansi pa mutu, pa kapaipi kaja ndi pa mikono ya m'munsi pali timadontho mazanamazana. Kadontho kalikonse ndi kanyali. Pansi pa diso lililonse pali tinyali 5 tondanda mzere umodzi. Ndiye kunsonga kwa mikono iwiri ya m'munsi kwenikweni kuli zazikulu, zitatu pa mkono uliwonse, zobulungira ndi zakuda bii zikakhala kuti sizikuwala, chifukwa zakutidwa ndi timatumba ta utoto wakuda tomwe timasuntha pa nthawi yowala. Kuthwanima kumene munaona muukonde kumachokera makamaka pa nsonga zimenezi, ndipo kanyamako kamatero chifukwa kadzidzimuka ndi kupanikizika.

Mulibe moto mmenemo, ndipo mutagwira simungamve kutentha. M'kanyalimo muli zinthu ziwiri: mankhwala otchedwa luciferin, ndi puloteni yotchedwa luciferase imene imafulumizitsa ntchito. Luciferin akakumana ndi okosijeni mothandizidwa ndi puloteniyo, mphamvu yake imatuluka ngati kuwala. Ziphaniphani za kudambo nthawi ya dzinja zimachita chimodzimodzi, kungoti luciferin wawo ndi wina. Wa Watasenia ndi wa mtundu wa coelenterazine, umene nyama zambiri za m'nyanja zamchere zimagwiritsa ntchito, ndipo kuti awale amafunanso ATP, kanthu konyamula mphamvu m'maselo a chamoyo chilichonse. Kuwalako kumakhala kwa buluu chifukwa m'madzi oyera mtundu wofiira umazimirira pa mamita ochepa a pamwamba, wa buluu ndi umene umafika patali. Maso a nyama za pakuya anazolowera mtundu umenewo. Chodabwitsa pa Watasenia n'chakuti masikwidi ambiri ali ndi utoto umodzi wokha woonera m'diso, choncho mitundu saisiyanitsa, koma iye ali nawo utatu, ndipo akatswiri amaganiza kuti amatha kusiyanitsa buluu ndi kubiriwira.

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo. Inu munamirapo masana pansi pa bwato, mwina pomasula ukonde wakodwa, n'kuyang'ana m'mwamba. Bwatolo limaoneka lakuda chifukwa latchinga kuwala kochokera kumwamba, ndipo ngakhale mutalipaka penti yoyera kunsi kwake lidzaonekabe mthunzi wakuda. Nyama iliyonse yokhala pakati pa madzi ili ndi vuto lomwelo. M'nyanja zamchere, kuyambira pa mamita 200 kufika pa 1,000, dzuwa limafika mwa apo ndi apo, kachisisira chabe, kochokera m'mwamba mokha. Kumeneko kulibe mwala, kulibe bango, kulibe phanga loti n'kubisalamo. Nsomba zolusa zambiri za kumeneko maso awo anapenya m'mwamba, kudikira kuti kamthunzi kadutse. Khungu loyera silithandiza, khungu lonyezimira limathandiza kumbali kokha. Chotsala n'kuyatsa mimba, kuwala kwake kufanane ndendende ndi kumene kukutsika kuchokera kumwamba, mthunzi ufafanizike. N'chifukwa chake timadontho mazanamazana tija tili kumimba, kumsana kuli tochepa kapena kulibiretu.

Zimenezi anaziyesa. Mu 1976 Richard Young ndi Clyde Roper anafalitsa zimene anaona ku Hawaii pa masikwidi amoyo a fuko la Abraliopsis. Anawaika m'thanki pamalo amdima, pamwamba pake n'kuikapo nyali yofooka. Nyaliyo ikayaka, sikwidi ankayatsa mimba yake. Ikazima, naye ankazimitsa. Kuwala kukafanana, munthu woyang'ana kuchokera kunsi sankamuonanso. Amadziwa bwanji mlingo wake, poti mimba yake saiona? M'kati mwa mutu ali ndi tiziwalo tina tomva kuwala, tosiyana ndi maso. Tina taloza m'mwamba kuyeza kuwala kwa dzuwa, tina taloza pansi kuyeza kuwala kwa iye mwini, ndipo ubongo umasintha nyalizo mpaka ziwirizo zilingane. Mtambo ukadutsa pa dzuwa, kapena iye akatsika mamita angapo, ayenera kusinthanso.

Mu 1980 Young yemweyo ndi mnzake Mencher anaonetsanso china pa sikwidi wa fuko la Abralia, chimene ine ndimachiona chokoma kuposa choyambacho. Kanyamako kamasintha ngakhale mtundu wa kuwala potengera kuzizira kwa madzi. M'madzi ozizira kamawala buluu wokhawokha, wofanana ndi dzuwa limene lasefedwa ndi madzi akuya masana. M'madzi ofunda kamaonjezera kubiriwira, kufanana ndi kuwala kwa mwezi kufupi ndi pamwamba usiku. Madzi ozizira amakauza kuti kali pansi ndipo ndi masana, ofunda amakauza kuti kakwera ndipo ndi usiku.

Ndiye yerekezani ndi usodzi wanu wa kauni. Siginala amayatsa nyali zoposa china chilichonse panyanja usiku umenewo, tizilombo ndi usipa zisonkhane, alovi azungulize chilimira. Kuwala kwa kumimba kwa sikwidi n'kofooka mwadala, sikuyenera kupitirira kwa mwezi. Nyali zazikulu za kunsonga kwa mikono zija n'zowaladi, koma zimangothwanima kanthawi n'kuzima, ndipo ntchito yake ikuoneka kuti ndi kudzidzimutsa mdani, mwinanso kupatsana zizindikiro okhaokha. Komanso musaiwale kuti sikwidi ndi mlenje. Amadya tinkhanu tosaoneka bwino toyandama m'madzi ndi tiana ta nsomba. M'nyanja muno chimenecho ndi chakudya cha usipa, ndipo tianato tikanakhala ta usipa womwewo. Zoti nyali imakopa n'zoona, koma amene amakopedwa ndi sikwidiyo: maboti a chokka ku South Africa amawedza usiku atayatsa mababu akuluakulu, ndipo magulu a sitima zogwira sikwidi ku Asia ndi ku South America amawala mpaka kuoneka pa zithunzi za masetilaiti.

Masana Watasenia amakhala pa mamita 200 mpaka 400. Dzuwa likalowa amakwera kufupi ndi pamwamba kukadya, m'bandakucha n'kutsikanso, tsiku ndi tsiku. Sali yekha pa ulendowu. Nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, akatswiri a ku America amene ankayesa makina osakira sitima zoyenda pansi pa madzi anadabwa kuona makinawo akuonetsa ngati nyanja ili ndi pansi pena pakatikati, pomwe pankakwera madzulo n'kutsika m'mawa. Kunali khamu la tinsomba, tinkhanu, masikwidi ndi zina zotero. Kuno kwathu ulendo womwewu ulipo. Mphutsi za nkhungu, Chaoborus edulis, masana zimatsikira pakuya, mpaka kumene okosijeni wachepa koti nsomba sizingazitsatire, ndipo usiku zimakwera kukadya. Chifukwa chake n'chimodzi kulikonse: chakudya chili pamwamba, koma masana pamwambapo pali maso. Mwezi ukawala kwambiri, nyama zambiri zoterezi sizikwera mpaka pamwamba penipeni.

Si onse owala amene amadzipangira okha kuwalako. Ku Hawaii kuli kena kotchedwa Euprymna scolopes, kobulungira, kotalika masentimita ngati 3, ka m'banja la Sepiolidae, lomwe ndi la achibale a masikwidi enieni. Kameneka kamaweta mabakiteriya owala a Vibrio fischeri m'kathumba ka m'kati mwa thunthu. Kamaswedwa kalibe ndi mmodzi yemwe, ndipo m'maola oyambirira kamawasankha m'madzi pakati pa mabakiteriya ena osawerengeka. Iko kamawadyetsa, iwo amawala usiku pamene kakusaka m'madzi osaya, mthunzi wake n'kufafanizika pa kuwala kwa mwezi ndi nyenyezi. Kukacha kamalavula mabakiteriyawo, 9 mwa 10 alionse kapena kuposa, n'kudzikwirira mumchenga. Otsalawo amaswana usana wonse mpaka kathumbako kudzazanso madzulo. Margaret McFall-Ngai ndi Edward Ruby afufuza kanyamaka kwa zaka zoposa 30, ndipo zimene apeza zathandiza kumvetsa mmene thupi la nyama limalandirira bakiteriya wabwino n'kukana woipa, nkhani yokhudza matumbo anu ndi anga.

Heteroteuthis dispar wa ku Mediterranean ndi Atlantic akaopsezedwa amalavula madzi onanda owala, poti inki yakuda yokha mumdima ilibe ntchito, ndipo mdani akamalimbana ndi mtambo wowalawo iye wapita. Histioteuthis ali ndi maso osiyana: lakumanzere lalikulu loyang'ana m'mwamba kusaka mithunzi, lakumanja laling'ono loyang'ana pansi kusaka zothwanima. Mwa ena diso lalikululo ndi lachikasu, ndipo akatswiri amaganiza kuti limathandiza kusiyanitsa kuwala kwa dzuwa ndi kwa nyama imene ikubisala ndi nyali zake, kutanthauza kuti nzeru ya kubisalayi ilipo kale ina yoigonjetsa. Kufupi ndi Africa kuno kuli Lycoteuthis lorigera. Sitima yofufuza ya ku Germany yotchedwa Valdivia, imene inayenda mu 1898 ndi 1899 motsogozedwa ndi Carl Chun n'kuimanso ku Dar es Salaam pobwerera, inamuvuula wamoyo akuwala, ndipo Chun anamujambula ndi nyali zake za maonekedwe osiyanasiyana. Ndi wochuluka m'madzi a Namibia ndi South Africa, komwe nsomba ya hake imamudya.

Pa nkhani ya kumene amapezeka, Watasenia ndi wa kumpoto chakumadzulo kwa Pacific kokha, kuzungulira Japan ndi Korea mpaka kumalire a Nyanja ya Okhotsk, kumpoto kwa Japan. Abralia ndi Abraliopsis afalikira m'nyanja zonse zamchere zofunda, Indian Ocean yomwe. Tinyama totere n'tovuta kugwira ndi ukonde wa ofufuza chifukwa timauzemba, choncho zambiri za kumene tili zadziwika pong'amba mimba za tuna, ma dolphin ndi mbalame za m'nyanja. Mnofu umagayika msanga, koma milomo yolimba ija imatsala, ndipo katswiri amatha kudziwa mtundu poyang'ana mlomo wokha.

Kanema wanuyo ayenera kuti anajambulidwa ku Toyama, kumene Nyanja ya Japan yalowa m'kati mwa chilumba cha Honshu. Malowo ndi a phompho: ukangochoka kumtunda pang'ono pansi pamatsetsereka mpaka kupitirira mamita 1,000, choncho nyama za pakuya zimafika pafupi ndi gombe kusiyana ndi kwina. Kuyambira Marichi mpaka Juni amabwera miyandamiyanda, ndipo pafupifupi onse ogwidwa kumeneko ndi aakazi. Amphongo amakhala atakwera kale aakaziwo kumapeto kwa nyengo yozizira n'kufa, atasiya timatumba ta umuna tomatirira pakhosi pa wamkazi, amene amatisunga mpaka mazira atakhwima. Usiku aakaziwo amakwera kudzaikira mazira m'madzi a pamwamba, mazira amayandama n'kuswa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri malinga ndi kutentha kwa madzi, ndipo amayiwo akamaliza kuikira amafa. Moyo wonse ndi chaka chimodzi. Asodzi a ku Toyama amatchera maukonde okhazikika malo amodzi n'kukavuula usiku kusanache, ndipo ku tauni ya Namerikawa kuli maboti onyamula alendo kukaonerera, komanso nyumba yoonetsera za kanyamaka. Boma la Japan linaika mbali ina ya gombelo m'gulu la malo apadera achilengedwe otetezedwa mu 1952. Pa masiku a mdima, mwezi utafa, nthawi zina amakankhidwira kumtunda ambirimbiri, anthu n'kumatola ndi timaukonde ta m'manja atavala matochi pamutu. Amadya owiritsa, othira viniga ndi miso, chokometsera chawo chopangidwa ndi soya. Osaphika amachenjezana nawo, chifukwa m'matumbo mwake mumapezeka nyongolotsi imene imadwalitsa anthu, choncho amayenera kuphikidwa kapena kuumitsidwa mufiriji yozizira kwambiri.

Pa funso lanu la zopanga za pa foni ndionjezere pang'ono. Zithunzi zambiri za gombe lonse litasanduka buluu zimajambulidwa kamera itatsegulidwa kwa masekondi angapo, ndiye imasonkhanitsa kuwala kumene diso la munthu limaona kofookerapo. Ndiponso makanema ena a mafunde owala amene amazungulira pa Facebook si a sikwidi ayi, ndi a tizamoyo ta selo limodzi monga Noctiluca, timene timathwanima madzi akavundulidwa.

Tsopano chifukwa chimene sangakhalire kuno. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere ili ndi magalamu ngati 35 a mchere. Lita ya madzi a ku Makawa ilibe ngakhale theka la galamu. Magazi a sikwidi ali ndi mchere wolingana ndi madzi omuzungulira, ndipo thupi lake lilibe njira yousungira madziwo akasintha. Mukamuika m'madzi opanda mchere, madzi amalowa m'thupi kudzera pakhungu ndi ziwalo zopumira, mchere n'kumatuluka, maselo amatupa, mitsempha ndi mitima n'kusiya kugwira ntchito. Chambo chimapirira chifukwa chimakodza madzi ambiri osalekeza, ndipo ziwalo zake zopumira zimatola mchere wochepawo m'madzi n'kuubwezera m'magazi. Pa mitundu 800 ija palibe ndi umodzi womwe wokhala m'madzi opanda mchere, pa dziko lonse. Amene amayeserako ndi Lolliguncula brevis wa kugombe la America, amene amalowa pamene mitsinje imathira m'nyanja madzi atasakanikirana, koma naye amathera pomwepo.

Tingoyerekeza kuti za mchere zatheka. Nyanja yathu ndi yakuya ndithu, mamita ngati 700 kumpoto, koma kupitirira mamita 200 kapena 250 madziwo alibe okosijeni chifukwa sasakanikirana ndi a pamwamba. Pamene Watasenia amabisala masana, pa 200 mpaka 400 paja, kuno ndi pomwe nsomba sizikhala, ndipo sikwidi amafuna okosijeni wambiri kuposa mphutsi ya nkhungu. Madzi akuya a ku Toyama ndi ozizira osafika madigiri 5, pamene athu ngakhale pansi penipeni satsika pa 22. Kuno kummwera, ku Makawa, Malindi ndi Malombe, ndiye n'kosaya koti mdima wa masana umene amaufuna kulibe. Ndipo kudziwalitsa n'kosowa m'madzi opanda mchere paliponse. Ofufuza a ku Monterey ku California anawerenga mu 2017 kuti nyama zitatu mwa zinayi zilizonse zimene makamera awo anajambula pakati pa madzi zimatha kuwala, pamene m'mitsinje ndi m'nyanja zopanda mchere chodziwika bwino ndi kankhono kamodzi ka m'mitsinje ya ku New Zealand, Latia neritoides.

Kapenta anatheka chifukwa anachoka m'madzi opanda mchere kupita m'madzi opanda mchere, mu 1967 ndi 1968, ndiponso Kariba linali damu latsopano lomwe pakati pake panalibe nsomba yodya tizilombo toyandama. M'nyanja yathu malo amenewo ali ndi eni ake: usipa, utaka, ndunduma, ncheni. Anzathu a ku Nyanja ya Victoria anathiramo nsomba yaikulu yolusa yotchedwa Nile perch m'zaka za m'ma 1950, ndipo mitundu yambirimbiri ya nsomba zawo zachibadwidwe inatha kapena kuchepa kwambiri. Lamulo lathu la za usodzi sililola munthu kuthira nsomba yachilendo m'madzi a dziko lino popanda chilolezo, ndipo pa nkhani imeneyi ine ndili kumbali ya lamulo, ngakhale atabwera wina ndi nyama yoti ingapirire madzi athu. Wina akadzakuuzani kuti ali ndi mbewu ya tinyama towala yoti muwete m'damu, ndalama zanu musatulutse.

Kumene mungakumane ndi abale a kanyamaka pafupi ndi Mangochi ndi kugombe la Mozambique. Amalonda odutsa pa Chiponde kulowera ku Nampula ndi Nacala amapeza sikwidi wamba pamsika, amene kumeneko amamutcha lula. Owalawo pamsika safika chifukwa ali kutali ndi gombe ndiponso pakuya, koma mmodzi amatumiza chizindikiro chake kumtunda. Pamchenga wa magombe a Indian Ocean, a Mozambique ndi South Africa omwe, pamapezeka kachigoba koyera kopiringizika, kosapitirira masentimita 3, kopepuka, kokhala ndi tizipinda m'kati tooneka mukakaloza padzuwa. N'ka Spirula spirula, kanyama ka masentimita ngati 4 kamene kamasunga chigobacho m'kati mwa thupi kuti chizikayandamitsa, ndipo kakafa chigobacho chimakwera n'kutengedwa ndi mafunde. Kali ndi nyali imodzi kunsonga kwa thunthu. Kwa zaka zambiri mabuku ankakajambula mutu uli pansi, nyali ikuloza m'mwamba, poti ndi mmene kankayandamira m'mathanki. Mu 2020 makina ojambula a bungwe lofufuza za m'nyanja la Schmidt Ocean Institute anakapeza kamoyo kwawo kwa nthawi yoyamba, pa mamita oposa 800 kufupi ndi Great Barrier Reef ku Australia, ndipo kanali kataima mutu m'mwamba, nyali ikuloza pansi.